Ng'ombe yoikiza

Mmalawi aliyense ali ndi pasipoti. Musaseke, awerengi. Sindikunena ya chikuto cholimba ija imene anzathu amagonera pamzere ku Immigration pofuna kupita ku Joni. Ndikunena kabuku ka kuchipatala, kamene eni ake pachizungu amati health passport, ife kwa Mlolo timangoti buku. Nkhalamba imene ndege imangoiona ili m'mwamba ili nalo buku limeneli. Khanda la masiku atatu nalonso lili nalo. Bukuli limakhala m'jumbo ya shuga pamodzi ndi chiphaso chaunzika ndi khadi la ubatizo, jumboyo n'kuisomeka kudenga kumene ana safikako. M'menemo ndimo mwalembedwa mbiri ya thupi la munthu: malungo a chaka chakuti, jakisoni amene anamutupitsa nkhope, mimba imene inapita padera, mapiritsi amene anamuyanja ndi amene anamukana.

Mabukuwa anafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene Unduna wa Zaumoyo unkakonzanso kasonkhanitsidwe ka ziwerengero za matenda m'dziko muno. Nzeru yake inali yabwino ndithu, yoyenera dziko losauka. Boma lilibe makabati okwanira kusunga fayilo ya munthu aliyense, ndiye wodwala mwiniwakeyo akhale kabati. Akapita ku Trinity ku Muona anyamule mbiri yake, akatumizidwa ku Queens ku Blantyre ainyamulenso. Koma amene anakonza zimenezi ankaganiza za denga losadontha. Ife sankatiganizira.

Kwa inu amene East Bank mumangoimva pa wailesi, dera la Mlolo lili m'boma la Nsanje, kum'mawa kwa Shire, pamene Ruo amatsika kuchokera ku Mulanje kudzathira m'Shire pa Chiromo. Ndife anthu a pakati pa mitsinje iwiri, ndipo mitsinjeyo ikakwiyira limodzi kothawira kumasowa. Mu January 2015 madzi anazinga Makhanga mpaka anthu kumapulumutsidwa pa mabwato ndi ndege. Mu 2019 kunabwera Idai, mu 2022 Ana, mu March 2023 Freddy, amene m'dziko lonse anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, mwinanso mbuzi ngati ili pafupi. Jumbo ya kudenga amaikumbukira kutacha, dengalo litafika kale ku Mozambique.

Freddy atadutsa ndinatsika kuchokera ku Blantyre kukaona abale amene anali pamsasa pasukulu ina. Mayi anga ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono, onse awiri anali opanda mabuku. Mayi amadwala BP ndipo akhala akumwa mankhwala kwa zaka zambiri. Mayi aang'ono amamwa ma ARV. Sabisa, ndipo anandilola kulemba izi bola ndisatchule dzina. Madzi ataphwerako ndinawaperekeza onse awiri tsiku limodzi kuchipatala china cha m'deramo.

Tinayambira kwa mayi aang'ono. M'kachipinda ka ma ARV tinapeza kalaliki, mnyamata wocheperako kwa ine, atakhala ndi laputopu patebulo lomwe miyendo yake inali ikadali ndi matope. Anafunsa dzina, mudzi, mfumu, n'kugogoda pang'ono.

"Ndakupezani, mayi. Munayamba mankhwala mu 2011, anakusinthirani mu 2019, magazi anakuyezani komaliza mu November."

Mayi aang'ono anagwira pakamwa. "Mwananga, zonsezo zili m'kachinthuko? Madzi sanazione?"

"Sanazione, mayi."

"Takhuta," anatero akuwomba m'manja, ngati kuti mnyamatayo wawapatsa thumba la chimanga. Sipanathe mphindi makumi awiri anali atalandira botolo lawo.

Kenaka tinakaima pamzere wa odwala wamba ndi mayi.

"Mumamwa mankhwala anji, mayi?"

"Toyera, adokotala, ting'onoting'ono. Kena n'kokodzetsa."

"Maina ake?"

"Aa, maina anali m'buku."

Adokotalawo sindiwada. Anachita zimene akanatha: anayeza, anafunsa, anayambira pachiyambi ngati alandira munthu wachilendo. Koma zaka zonse zija za kuyesa mankhwala awa, kusiya awo chifukwa ankawatsokomoletsa, kuonjezera apa, kuchepetsa apo, zinali zitapita ndi Ruo. Akazi awiri, mimba imodzi, chipatala chimodzi, tsiku limodzi. Mmodzi dziko likumukumbukira, wina lamuiwala. Pobwerera kumsasa ndinkadzifunsa kuti anasankha ndani. Si Mulungu, si a Mlolo, ndipo pofufuza ndinapeza kuti si boma kwenikweni. Anasankha ndi amene anagula laputopuyo.

Mbiri ya makina amenewa ndi yonyaditsa, ndipo ndi pang'ono a ife amene timaidziwa. Mu 2001, kumbali ya ana pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timati Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anaika timakompyuta togwira ndi chala pagalasi, topanda mbewa, topanda chogogodera, kuti namwino amene sanakhudzepo kompyuta athe kutigwiritsa ntchito. Tinali timakina totchipa totchedwa I-Opener tomwe ku America tinalephera malonda, iwo n'kutisintha kuti tizidya magetsi ochepa ndi kuyendera mabatire a Escom akazimitsa. Tinkasindikiza kasitika kokhala ndi nambala ya wodwala, n'kumata m'buku lija. Apa ndi pamene panabadwira Baobab Health Trust, ndipo m'kupita kwa nthawi ambiri olemba mapulogalamu ake anali Amalawi, anyamata ndi atsikana a ku Poly ndi ku Chancellor. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Chiwerengero cha olandira chitakula, makhadi ndi makaundula a pepala anayamba kulemera, ndipo mu 2006 makina a Baobab anayamba kugwira ntchito kumbali ya ma ARV ku Queens. Ndalama zambiri zofalitsira ntchitoyi zinkachokera ku boma la America kudzera ku PEPFAR ndi CDC. Anthu amenewo anabwerera Edzi, ndipo anakumbukira odwala Edzi. Simungawadzudzule. Mlendo amene wabwera kudzakuchotsani munga simumufunsa chifukwa chake sanakumeteni tsitsi.

Kwathu kuchigwa, kumene ng'ombe ndiye banki, kuli mwambo woikiza. Munthu amene alibe khola kapena mbusa amakaikiza ng'ombe zake kwa mnzake. Mnzakeyo amaweta, amamwa mkaka, ndowe amathira m'dimba mwake. Palibe choipa pamenepo, ndipo mabanja ambiri analemera ndi njira imeneyi. Koma woikiza wochenjera amadziwa maanga a ng'ombe yake iliyonse, amapita kukaziwerenga, amadziwa kuti yabereka ndi iti. Akamva mphekesera yoti mnzakeyo akufuna kusamuka, amayamba kudula mitengo ya khola. Woikiza wina amangokhala pakhonde n'kumalandira uthenga woti zonse zili bwino.

Mu 2019 ndalama za America zoyendetsera makina a ma ARV zinapatsidwa ku bungwe lina, la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation, ndipo ntchito imene Baobab inaigwira kwa zaka zoposa khumi inasamukira kumeneko. Sindikunena kuti ntchito inaonongeka ayi. Inakula, mpaka kufika m'zipatala zoposa 700, kwina makina ogwira ndi chala aja, kwina laputopu ngati ya mnyamata wathu uja, imene amakoperamo zolembedwa pamakhadi. Ndipo papepala mwini wa zonsezi ndi Unduna wa Zaumoyo. Koma taonani chimene chinachitika: ng'ombe zinachoka m'khola lina kupita m'khola lina chifukwa wolipira mbusa anasintha mbusa. Mbiri ya Amalawi oposa 800,000 amene ankamwa ma ARV inasintha woisamala mwa mpikisano wa thumba la ndalama la dziko lina.

Palinso makina ena, otchedwa DHIS2, amene amasonkhanitsa ziwerengero za zipatala zonse mwezi ndi mwezi: obadwa angati, malungo angati, katemera angati. Pulogalamu yake inapangidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway, ndi yaulere, ndipo Malawi anaifalitsa m'maboma onse cha m'ma 2012. Awa ndiye ali m'manja mwa Unduna kwambiri kuposa enawo. Koma ndimaseka ndikamva mabwana m'mahotela a ku Lilongwe akuonetsa zithunzi zokongola za ziwerengero pakhoma, popeza ine ndinaonapo mmene nambala zimenezo zimayendera. Chikokolokereni njanji pa Mtayamoyo mu 1997, wa ku East Bank wofuna kupita ku boma ku Nsanje amaoloka pa bwato kukatulukira ku Bangula, apo ayi azungulire ku Thabwa ndi pa mlatho wa ku Chikwawa, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinakwerapo bwato limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo atakumbatira envulopu ya malipoti pachifuwa ngati khanda, mvuu zikufwenthera chapatali. Masiku ano ena amajambula lipotilo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, pa mayunitsi a m'thumba mwawo, atakwera pachulu kusaka netiweki. Chithunzi chokongola cha pakhoma chija chinayambira pamenepo.

Tsono linafika tsiku limene mbusa anauzidwa kuti aime. Pa 20 January 2025 Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lopita kumaiko akunja kwa masiku 90, ndipo patangopita masiku ochepa makalata oletsa kugwira ntchito anafika kumabungwe. Mnyamata wa laputopu uja, amene tinasinthana manambala, anandiimbira foni. Iye sanalembedwe ndi boma, analembedwa ndi bungwe lina lodalira ndalama za America.

"Achimwene, atiuza tikhale kunyumba."

"Nanga laputopu?"

"Yatsekeredwa m'kabati."

Mankhwala analipo, popeza ma ARV a m'dziko muno amagulidwa kwambiri ndi ndalama za Global Fund. Chimene chinatsekeredwa m'kabati ndi chikumbumtima cha chipatala: ndani wasowa miyezi iwiri osabwera kudzatenga mankhwala, ndani akuyenera kuyezedwa magazi, ndi mwana uti wobadwa kwa mayi wa kachilombo amene sanabwerenso kusikelo. Anamwino amene anali kale ndi mizere yofika pamtengo wa panja anabwerera kumakaundula. Pambuyo pake boma la America linalola kuti ntchito zopulumutsa moyo ziyambirenso, mnyamatayo anaitanidwa, laputopu inatuluka. Koma pofika July chaka chomwecho bungwe la USAID, limene tinakula tikuona dzina lake pa matumba a ufa ndi zigubu za mafuta, linali litatsekedwa. Pa ndalama zonse zimene zimagwira ntchito ya umoyo m'dziko muno zoposa theka zimachokera kunja, ndipo pa za Edzi ndi zoposa 90 pa 100 iliyonse. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Lonjezolo ndi lamsinkhu umodzi ndi makina a Baobab, koma makinawo anakula, ilo likukwawabe.

Inu a m'tauni phunziro limeneli munalilandira kale ndi pasipoti yanu ya chikuto cholimba. Mu 2019 boma linapereka ntchito yosindikiza mapasipoti ku kampani ya Techno Brain pa mgwirizano wa madola oposa 60 miliyoni. Mu December 2021 boma linathetsa mgwirizanowo. Kumayambiriro kwa 2024 makina anaima, kwa masabata angapo dziko lonse osatulutsa pasipoti, ndipo mu February mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Ena anatsutsa, nati nkhani inali ya malaisensi ndi ngongole. Kaya zoona zinali ziti, chinaoneka poyera n'chakuti mwini nyumba anaima pakhomo pa nyumba yake akusisita m'matumba. Manyuzipepala tinalemba mitu ikuluikulu chifukwa olira anali anthu okwera ndege. Pasipoti ya kudenga ija ikasowa, kapena laputopu ikatsekeredwa m'kabati kwa Mlolo, palibe amene amaitanitsa msonkhano wa atolankhani.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena pamene mwafika apa. Boma lake liti? Lomwe lija limene mu 2013 anthu ake analowa m'makina a IFMIS, kulemba macheke a mabiliyoni n'kufufuta mapazi, mpaka tinaphunzira liwu loti Cashgate? Lomwe limalephera kugula batire la ambulansi? Mukunena zoona, ndipo ine amene ndakhalapo pabenchi ya maofesi a boma kudikira bwana amene jekete lake lili pampando kuyambira m'mawa sindingakutsutseni. Komanso kuitana makampani si mankhwala. Dziko la Britain, lolemera ndi lodziwa kulemba makontirakiti, mu 2002 linayambitsa ntchito yolumikiza zipatala zake pa kompyuta n'kuipereka ku makampani akuluakulu, ndipo mu 2011 linaithetsa, ntchito imene pomaliza inadya ndalama pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Ngati a ku London anapsa zala, ife a Capital Hill tisadzinamize.

Choncho sindikupempha kuti nduna ikhale pansi kulemba mapulogalamu, kapena kuti tithamangitse mabungwe amene atisungira abale athu amoyo. Kuikiza tiziikizabe, khola lathu ndi laling'ono. Chimene ndikupempha ndi ntchito ya mwini ng'ombe. Seva, chikompyuta chachikulu chimene chimasunga maina a odwala onse, idziwike pamene ili, ndipo kiyi wake akhale ndi munthu wolandira malipiro a boma amene angaidzutse ikagwa pakati pa usiku popanda kuimbira foni kunja. Munthu woteroyo ndi wodula, ndipo pa malipiro a boma a lero amangokhala chaka chimodzi n'kutengedwa ndi mabungwe omwewo. Apa ndiye pagona nkhani, osati pa kugula matabuleti ogawa pamwambo wodula riboni. Kalaliki wa kwa Mlolo naye alowe m'buku la ogwira ntchito m'boma monga alili namwino ndi mlangizi wa zaumoyo, chifukwa makina opanda wogogoda ndi chitsulo chabe. Batire la sola likafa pakhale mzere wake m'bajeti ya boma la Nsanje, m'malo modikira mlendo wa galimoto yoyera. Ndipo koposa zonse, wonena matenda oyenera kukumbukiridwa akhale ife. BP, shuga, khunyu ndi mphumu zilibe mabungwe olemera oziyankhulira, koma zikugoneka anthu m'midzi tsiku ndi tsiku.

Unduna sukugona tulo tofa nato, tinene chilungamo. Unakhazikitsa nthambi yoona za makina a zaumoyo, unalemba ndondomeko ya zaka za 2020 mpaka 2025, ndipo wakhala ukukamba za MaHIS, makina amodzi olemba wodwala aliyense ndi matenda alionse. Alangizi a zaumoyo m'maboma ena analandira matabuleti a pulogalamu ya iCHIS. Palinso chitsanzo chimene ndimachikonda, cha Chipatala cha pa Foni. Chinayamba mu 2011 ku Balaka ndi bungwe la VillageReach, kuchokera pa maganizo a Amalawi amene anapambana mpikisano, mmodzi mwa iwo Soyapi Mumba wa ku Baobab. Chinakula mpaka kufika dziko lonse, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi Unduna unachilandira m'manja mwake, oyankha mafoni n'kukhala antchito a boma. Kulandirako sikunachitike tsiku limodzi. Anakonzekera zaka, kuwerengera ndalama, kugwirizana kuti ichi chisamuka liti, icho liti. Ndiko kudula mitengo ya khola mbusa asanatsanzike. Funso langa pa MaHIS ndi matabuleti aja ndi lomwe lija la kwa Mlolo: akulipira ndani, ndipo akadzaleka adzalipira ndani?

Pali mbali inanso imene mayi aang'ono anaiona msanga kuposa ine wa dipuloma. Tikuchoka pachipatala paja, chisangalalo chitaphwa, anandikoka malaya.

"Iwe, ngati mnyamata uja wandipeza ndi dzina lokha, wina sangandipezenso?"

Iwo sabisa, koma m'kaundula yemweyo muli aphunzitsi, abusa a mipingo, akazi amene amuna awo sadziwa, atsikana amene akufunsiridwa mbeta. Buku la kudenga lili ndi ubwino umodzi: woliwerenga ayenera kulowa m'nyumba mwako. Za m'seva munthu angaziwerenge ali kutsidya kwa nyanja. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Ndi chiyambi chabwino. Koma lamulo limaluma pokhapokha mwini wake akudziwa amene ali ndi makiyi ndi zimene analonjezana nawo. Ku Kenya, mu December 2025, boma litasaina mgwirizano watsopano wa zaumoyo ndi America, nzika zinathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu linayamba laimitsa mbali yokhudza kugawana mbiri za odwala. Kuno migwirizano yotere timaimva pa wailesi itasainidwa kale, ndi chithunzi cha anthu awiri akugwirana chanza. Aphungu athu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, amene amadziwa kufuula za msewu wa Thabwa, ndikanakonda tsiku lina mmodzi ataimirira n'kupempha kuti mapepala amenewo awerengedwe m'Nyumba, ndime ndi ndime.

Ulendo wanga womaliza kumudzi ndinadutsira pachipatala paja. Mnyamata uja ndinamupeza, laputopu yomwe ija, tebulo atalitsuka. Anandionetsa mulu wa makhadi a masabata amene anakhala kunyumba aja, amene anachita kuwalowetsa usiku ndi tochi ya foni kuti kaundula afanane. Awiri mwa anzake amene ankagwira nawo ntchito sanaitanidwenso. Wina akupalasa kabaza pa Fatima, wina anapita ku Nchalo kukadula nzimbe. Ndinamufunsa ngati pali wa boma pachipatalapo amene anamuphunzitsako kalowedwe ka m'makinamo.

"Anamwino amafuna, achimwene, koma nthawi aipeza kuti? Onani mzerewo."

"Nanga kontirakiti yako ikutha liti?"

"Pa 30 September."

"Kenako?"

Anakweza mapewa, n'kuitana wodwala wotsatira.